Miyala Silankhula

Kuwerenga: Yoswa 4:1-9 ndi 19-24

Musanapitirire, tsegulani Baibulo lanu muwerenge ndime zili pamwambazi, pakuti zonse zimene ndalemba pano zatsamira pa izo. Mukatha kuwerenga, ndiloleni ndikusimbireni za ulendo waufupi umene ndinayenda ndi mwana wanga wamkazi, mzime wanga wa zaka 10, kuno kwathu ku Kabwe. Sitinapite kutali. Tinanyamuka m'mawa, ndipo dzuwa likamalowa tinali titafika kale pakhomo. Koma tsiku limenelo Ambuye anandidzudzula ndi mafunso a mwana wamng'ono, ndipo ndikhulupirira kuti chidzudzulocho si changa ndekha.

Unali mwezi wa Okutobala chaka cha 2024, dziko lathu likukonzekera kukumbukira zaka 60 za ufulu. Aphunzitsi anawapatsa ana ntchito yoti akalembe za malo a mbiri yakale a m'tauni mwawo. Mwana anandiumirira sabata yathunthu kuti ndimuperekeze. Ine ndinali ndi zifukwa zanga, ndipo zonse zinali zoona. Dzuwa linali kuswa mtengo, chaka chinali cha chilala, magetsi anali kubwera pakati pa usiku ngati wakuba, ndipo ndalama ya minibasi ndinali kuiona ngati ya ndiwo. Ndinamuuza kuti akafunse anzake amene makolo awo ali ndi foni za intaneti. Iye anati, “Amayi, aphunzitsi anati tikaone ndi maso athu.” Loweruka lotsatira ndinakazinga vitumbuwa, ndinathira munkoyo m'botolo, n'kunyamuka naye kuchokera ku Bwacha.

Tinayambira pa mkuyu waukulu uja uli pakati pa tauni, umene ambiri amautchula Big Tree. Inu a kuno mukuudziwa. Ine ndinabadwira muno, ndipo ndadutsapo kosawerengeka popita kumsika, kuchipatala ndi kumaliro, koma kunena zoona, kufikira tsiku limenelo ndinali ndisanakhalepo pansi pake ngakhale mphindi 5. Mtengowu uli m'gulu la malo a mbiri ya dziko otetezedwa ndi lamulo. Nthambi zake zinatambasuka pafupifupi mamita 50 kuchoka mbali ina kufika mbali inzake. Njanji itafika kuno mu 1906, kwa zaka zingapo sitima inkathera pompano, ndipo katundu wopita kumpoto ankasenzedwa ndi amtengatenga pamutu ndi abulu pamsana. Pansi pa mkuyu umenewu ndi pamene ankasonkhana asananyamuke. Masiku amenewo tauniyi inali Broken Hill, dzina limene mzungu wofufuza miyala, T. G. Davey, anapereka mu 1902 pokumbukira mgodi wa dzina lomwelo wa ku Australia. Dzina la Kabwe linakhazikitsidwa mu 1966.

Mwana analemba zonsezi m'kope mwake, lilime lili panja monga achitira ana polemba mwakhama. Kenaka mafunso anayamba kugwa ngati nkhuyu zakupsa. Kodi uwu ndi mtengo umene anakwera Zakeyu? Ndinati ayi, wa Zakeyu unali ku Yeriko, ngakhale kuti nawonso unali mkuyu. Nanga amtengatengawo ankagona kuti? Ana awo ankatsala ndi yani? Ankabwerako onse? Ndinayang'ana uku ndi uku. Ena anali kugulitsa malonda, ena anali kudikira anzawo, mnyamata wina anali m'tulo tofa nato chipewa chili kumaso. Panalibe woyang'ana kumwamba. Mtengo umene unaona zonsezo unangoti chete. Wapereka mthunzi zaka zoposa 100, koma sunauzepo munthu mawu ngakhale amodzi.

Kuchoka apo tinayenda wapansi kupita ku maofesi a khonsolo, kumene kuli chikumbutso cha chigaza chija chimene chinatchukitsa tauni yathu pa dziko lonse. Okumba mgodi anachipeza mu 1921. Chinatengedwa kupita ku London, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwezedwe kwawo. Akatswiri amene anachiyeza mu 2020 anati chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Mwana anandiyang'ana nati, “Amayi, ndiye kuti iyeyu ndi Adamu woyamba anali ndani?” Pakamwa panga panafika kale mawu aja timawakonda, akuti iwe mwana usamafunse zotere, ndi uchimo. Ambuye anandigwira lilime. Ndinamuuza kuti palibe fupa m'nthaka muno limene Mulungu salidziwa mwini wake, ndi kuti funso lake ndi labwino, tikalitule kwa abusa Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi. Tinakalituladi, ndipo abusa anakhala naye pansi nthawi yaitali osamuseka.

Koma funso limene linandilasa linali lina, lopepuka ndithu.

“Mgodi wake uti, amayi?”

“Womwe uja wa ku Kasanda, umene ankagwirako ntchito agogo ako aamuna.”

Analeka kulemba. “Agogo ankagwira ntchito mu mgodi?”

Amayi anzanga, mwana wa zaka 10, wobadwira ku Kabwe, wobatizidwa mu mpingo mwathu, woloweza mavesi ku Sande Sukulu mpaka kulandira mphotho, sanali kudziwa kuti bambo anga anatha zaka 32 pa mgodi umenewo. Chithunzi chawo chili pakhoma m'nyumba mwathu. Amachiona tsiku lililonse. Koma chithunzi, monga mkuyu uja, sichilankhula.

Tsono tiyeni tibwerere ku Yordano. Mutu 3 wa buku la Yoswa utiuza kuti ana a Israyeli anafika pa mtsinjewo nyengo yokolola, pamene unali wosefukira. Ansembe onyamula likasa la chipangano ataviika mapazi awo m'madzi, madzi ochokera kumtunda anaima, ndipo mtundu wonse unaoloka pouma. Ife tikanati ntchito yatha, tiyeni tikagwetse Yeriko. Koma Mulungu anawaimitsa kaye. Analamula kuti amuna 12, mmodzi pa fuko lililonse, abwerere pakati pa mtsinje, pamene panaima ansembe, ndipo aliyense asenze mwala paphewa. Miyala 12 imeneyi Yoswa anaiimika ku Giligala, kum'mawa kwa Yeriko. Chifukwa chake chalembedwa kawiri m'mutu umodzi, pa vesi 6 ndi pa vesi 21: tsiku lina ana adzaiona miyalayo, adzafuna kudziwa tanthauzo lake, ndipo makolo adzawafotokozera.

Taonani chinthu chimodzi chimene ine ndinali ndisanachione ngakhale ndawerenga ndimeyi kuyambira utsikana wanga. Pa miyala ya ku Giligala Mulungu sanalamule kuti palembedwe kanthu. Yoswa ankadziwa kulemba, pakuti m'mutu 8 timuona akulemba chilamulo pa miyala ina ku phiri la Ebala. Koma iyi inasiyidwa yopanda chilembo. Mlendo wodutsa akanangoona mulu wa miyala ya mumtsinje yosalala, ili pamtunda pamene sipayenera kukhala miyala yotere. Ntchito ya miyalayo inali imodzi yokha: kudzutsa funso mumtima mwa mwana. Yankho lake Mulungu analisungitsa m'kamwa mwa kholo.

Ndipo si pano pokha. Pa Eksodo 12 ana adzafunsa za Paskha. Pa Eksodo 13 adzafunsa za kuombola ana oyamba kubadwa. Pa Deuteronomo 6 adzafunsa za malamulo. Paliponse Mulungu akuyembekeza kuti mwana adzafunsa, ndipo sakumuletsa. Ife tinazolowera njira ya m'kalasi, mmene wamkulu amafunsa funso la m'katekisma mwana n'kuyankha zimene waloweza. Njira imeneyo ndi yabwino, inatilera tonsefe. Koma m'nyumba Mulungu anaitembenuza: wofunsa ndi mwana, woyankha ndinu. Makolo athu anati safunsa anadya phula. Nanga mwana amene anafunsa koma amayi ake anamuuza kuti akusokosa, akadya phula mlandu ndi wa yani?

Pa Deuteronomo 6 pomwepo, vesi 7, pakutchulidwa nthawi zophunzitsira ana, ndipo imodzi mwa izo ndi poyenda panjira. Ndinazimvetsa tsiku lija. M'nyumba ine ndimakhala woyang'anira ntchito: sesa apa, tsuka mbale, wasamba kodi, homuweki watha? Mwana sangapeze mpata wolowetsa funso pakati pa malamulo otere. Koma panjira, manja anga opanda chogwira, mapazi athu akuyenda pamodzi, mwana anatsegula zimene anasunga nthawi yaitali.

Mwina mukudziwa zimene zinadzachitika ku Giligala pambuyo pake. Buku la Oweruza, mutu 2, likutiuza kuti Yoswa ndi anzake atamwalira panauka mbadwo wina umene sunadziwe Yehova ngakhale zimene anachitira Israyeli. Mbadwo umodzi wokha, amayi! Zidzukulu za amuna amene anasenza miyala ija. Ndipo mukafika kwa aneneri, pa Hoseya 9 ndi Amosi 4, mupeza kuti Giligala wasanduka malo amene Mulungu akuwatchula ndi mkwiyo. Anthu sanaleke kupitako. Ankapitabe, ankaperekabe nsembe, mwambo unali kuyenda bwinobwino. Chimene chinatayika ndi nkhani yake. Malo opatulika akatsala opanda wofotokoza, anthu amayamba kupembedza malowo, kapena kungowadutsa monga tidutsira pa Big Tree.

Nafenso tili nayo miyala yathu. Yunifomu imene timaisita usiku ndi mwala. Khadi la ubatizo la mwana, limene lili m'sutikesi pansi pa bedi, ndi mwala. Buku la nyimbo long'ambika la amayi anu ndi mwala. Magwero, kumene mpingo wathu unayambira mu 1899, ndi mwala waukulu wa ife tonse. Kwa ine mwala wina ndi mbale ya ufa. Mayi wina wa m'dera lathu akadwala kapena akaferedwa, ndimatapa ufa m'thumba, ngakhale litatsala pang'ono, n'kupita nawo. M'chaka cha chilala chija mwana yemweyu anandifunsa, “Amayi, ufa watsala pang'ono, bwanji mukukapatsanso ena?” Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, “Ndi lamulo la Chigwirizano.” Mwana anafunsa funso la pa Yoswa 4, ine ndinamupatsa yankho la ku Giligala wa m'masiku a Amosi.

N'chifukwa chiyani ndinakhala chete zaka zonsezi? Ndinadzifunsa zimenezi tili m'minibasi ya ku Kapiri Mposhi, pakuti mwana anafuna kuti tikaonenso thanthwe la Mulungushi, makilomita oposa 20 kumpoto kwa tauni, kufupi ndi yunivesite imene inatsegulidwa mu 2008. Sindinakhale chete chifukwa cha kuiwala. Ndinakhala chete chifukwa cha manyazi.

Thanthwelo, limene amalitcha Mulungushi Rock of Authority, si lalikulu monga mwana ankaganizira, ndipo anakhumudwa pang'ono. Ndinamufotokozera kuti omenyera ufulu ankasonkhana kuno chifukwa kunali kutchire, kutali ndi maso a boma la atsamunda. Mu Julayi 1961 chipani cha UNIP, motsogozedwa ndi Dr. Kenneth Kaunda, chinachita msonkhano waukulu pamalopo, ndipo pambuyo pake panabuka chipolowe chija chotchedwa Cha Cha Cha. Ufulu unabwera pa 24 Okutobala 1964. Mu 1968 Dr. Kaunda analengezera pomwepo kusintha kwakukulu kwa kayendetsedwe ka chuma cha dziko. Ndinamuuzanso kuti mu 1967, pamalo omwewo, chisankho cha atsogoleri a chipani chinagawa anthu motsata mitundu, ndipo bala lake linatenga nthawi kupola. Anafunsa ngati zimenezo azilembenso. Ndinati lemba, pakuti zinachitika. Nditangonena choncho mtima wanga unanditsutsa: za dziko ukuti alembe zonse, nanga za kwanu?

Tinapeza mthunzi, ndinayala chitenje, tinatsegula vitumbuwa ndi munkoyo uja, umene unali utafunda kale. Pamenepo ndinamuuza.

Bambo anga anachokera ku Katete mu 1962 ali mnyamata, pamodzi ndi ena ambiri a kum'mawa amene anadzafuna ntchito pa mgodi ndi pa njanji. Ndiwo amene anadzaza mabenchi a mipingo yathu kuno. Anakwatira, anapatsidwa nyumba ku Kasanda, anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Mu 1994 mgodi unatsekedwa. Ine ndinali ndi zaka 14. Bambo amene ankadzuka tambala woyamba anayamba kukhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndalama zimene analandira zinatha chaka chisanathe. Kenaka anayamba kachasu. Mkulu wa mpingo, wolalikira pa maliro, ananyamulidwa pa wilibala kuchokera kumowa anthu akuona. Mpingo unawaimitsa pa ukulu ndi pa Mgonero, ndipo unachita bwino. Amayi ndi ine tinayamba kupita ku milu ya zotsala za mgodi, imene lero timaitcha Black Mountain, kukatola zitsulo ndi kuswa miyala yogulitsa. Mlongo wanga wamng'ono, wa zaka 3, tinkamukhazika pa fumbi pomwepo kuti azisewera.

Sitinkadziwa kuti fumbilo lili ndi mtovu. Mgodi wa kuno unali wa mtovu ndi zinki, ndipo zaka pafupifupi 90 za kukumba ndi kusungunula zinasiya poizoni m'dothi la ku Kasanda, Makululu, Chowa ndi makomboni ena ozungulira. Mtovu ukalowa m'magazi a mwana wamng'ono umaononga ubongo, ndipo chimene chaonongeka sichibwerera. Mlongo wanga ankadandaula m'mimba kawirikawiri, ndipo atayamba sukulu mutu sunagwire. Tinkamukalipira kuti ndi waulesi. Ena anati analodzedwa. Mu 2006, pamene dzina la Kabwe linatuluka pa mndandanda wa malo 10 oipitsidwa kwambiri pa dziko lapansi, iye anali atasiya kale sukulu.

Ndili pakati pofotokoza, mwana anaika chitumbuwa pansi. “Ndiye chifukwa chake amalume amavutika kuwerenga chenji?” Ndinavomera. Anakhala chete nthawi yaitali. Ine ndinkadziwa chimene chinali kumuvuta, pakuti iye ndi asuweni ake ankawaseka amalume awo kumbali, ndipo ine ndinkangowakalipira osawauza chifukwa. Anati, “Bwanji simunandiuze?” Ndinalibe yankho.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhaniyi si yakale yokha ayi. Mtovu suola, ukadali m'dothi. Inu amene mukhala m'madera amenewa, musalole ana kusewera pa fumbi loyera. Dzalani kapinga pabwalo ngati madzi alipo. Asambitseni m'manja asanadye. M'nyumba kolopani ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa fumbi n'kuliulutsa. Amayi oyembekezera, lekani kudya dothi, pakuti mtovu umafika ndi kwa mwana ali m'mimba. Kapenta, nyemba ndi ndiwo zamasamba zimathandiza kuti thupi lisamwe mtovu wambiri. Ndipo pitani ku kiliniki mukafunse za kuyezetsa magazi a ana. Mwana wochedwa kumva m'kalasi musafulumire kumutcha chitsiru, monga tinachitira ife.

Koma nkhani yanga sinathere pa fumbi. Ndinamuuza mwanayo za amayi a Chigwirizano a masiku amenewo. Nawonso amuna awo anali atachotsedwa ntchito, nawonso analibe. Koma sabata iliyonse ankabwera awiriawiri, aliyense ndi kambale ka ufa kokutira ndi nsalu kuti anthu asaone. Ankathira m'dengu la amayi mosalankhula zambiri, n'kuimba nyimbo imodzi, n'kupemphera. Panali gogo wina, amene tsopano anagona, amene sankathera m'nyumba. Ankatuluka kukakhala pa mphasa pafupi ndi bambo pansi pa mango paja, kaya aledzera kaya ali bwino, n'kuwapatsa moni wa ulemu wonse, kuwatchula “akulu a mpingo” ngati kuti palibe chinachitika. Bambo ankabisa nkhope. Gogoyo anachita zimenezi zaka 3. Mu 1997 bambo anaimirira pamaso pa mpingo, anavomereza tchimo lawo, ndipo analandiridwanso pa Mgonero. Sanalawenso mowa kufikira tsiku limene anatisiya mu 2003. Chithunzi chili pakhoma chija anajambulitsa Lamulungu limene anabwezedwa.

“Ndiye mbale ya ufa ija,” anatero mwana. Sanamalize, ndipo sindinamuthandize kumaliza.

Amayi anzanga, kumbukirani kumene miyala 12 ija inatengedwa. Siinatoledwe m'mbali mwa mtsinje, pamchenga pabwino. Inachokera pakati penipeni, pamene munthu akanamira Mulungu akanapanda kugwira madzi. Kholo la ku Israyeli silikanatha kufotokoza mwalawo popanda kutchula chigumula. Ifenso sitingauze ana athu za chipulumutso cha Ambuye uku tikubisa chimene anatipulumutsako. Tikabisa madzi akuya, ana amaona ngati chikhristu ndi khalidwe labwino la anthu amene sanavutikepo, anthu a zovala zoyera ndi nyimbo zokoma. Ndiye tsiku limene iwo adzafika pa Yordano wawo, ntchito ikatha, banja likagwedezeka, mayeso akalephereka, adzaganiza kuti zotere sizinagwerepo Mkhristu, ndipo adzathamangira kwa aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta, kapena ku botolo kumene anathamangira bambo anga. Ine ndinkayesa kuti ndikuteteza ulemu wa malemu bambo. Koma mwana wanga ndinamubisira agogo ake enieni, munthu amene anagwa n'kudzutsidwa, ndipo pamodzi nawo ndinamubisira Yesu amene anawadzutsa, Iye amene analowa m'madzi akuya a imfa m'malo mwathu kuti ife tioloke.

Wina anena kuti, “Koma vesi 21 likunena za atate, si ntchito yathu.” Zoonadi likutchula atate, ndipo inu amene muli ndi amuna anu m'nyumba, awerengereni vesi limeneli mwaulemu pa nthawi yabwino. Koma tiyang'ane m'mabenchi mwathu. Ndi angati mwa ife amene akulera okha, amasiye, osiyidwa, agogo olera zidzukulu za ana amene anapita? Ine ndine mmodzi wa iwo. Timoteo bambo ake anali Mhelene, ndipo Paulo polemba za chikhulupiriro chake anatchula agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike. Komanso pa tsiku la ubatizo wa mwana, pamene abusa anafunsa ngati tidzamuphunzitsa njira ya Ambuye, ife tinaimirira kutsogolo, tinayankha ndi pakamwa pathu mpingo wonse ukumva. Lonjezo lija silinapite kwa aphunzitsi a Sande Sukulu.

Wina anena kuti, “Ine sindinaphunzire, zaka ndi mayina sindizidziwa.” Amuna 12 aja sanasankhidwe chifukwa cha maphunziro. Anasankhidwa chifukwa analipo, mapazi awo anaponda pansi pa mtsinje. Zaka za Mulungushi mwana adzazipeza m'buku la kusukulu. Koma za usiku umene munagona pa benchi ya chipatala mukupempherera mpweya wake, palibe buku limene linalemba.

Chenjezo lilipo, ndipo ndilinene poyera. Kufotokozera mwana madzi akuya sikutanthauza kumukhuthulira zowawa zonse za mumtima mwanu. Mwana si mnzanu wodandaulirana naye. Pali zimene mungauze wa zaka 10, pali zodikira afike zaka 16, ndipo pali zina zoyenera kuthera kwa abusa kapena kwa mayi mnzanu wokhwima. Ine sindinamuuze zonse zimene bambo ankalankhula ataledzera. Ndiponso musasimbe nkhaniyo kuti mwana adane ndi bambo ake amene anakusiyani, kapena ndi achibale amene anakulandani katundu pa maliro. Musaisimbenso kuti inu muoneke ngwazi yopirira. Vesi 24 likunena cholinga chake momveka: anthu adziwe mphamvu ya dzanja la Yehova ndi kumuopa Iye. Mwana akachoka pa nkhani yanu akutamanda inu kapena akuda munthu wina, mwaimika fano pa Giligala.

Tsono sankhani Loweruka limodzi. Musadikire kuti mukhale ndi ndalama zambiri. Ulendo wathu unadya ya minibasi ndi kapu ziwiri za fulawa. Inu a ku Chipata, Magwero ali pafupi nanu. A ku Lusaka, ku Chilenje kuli nyumba nambala 394 imene ankakhalamo Dr. Kaunda ufulu usanabwere. A ku Ndola muli ndi malo a mtengo uja wa akapolo. Ndipo ngati kwanuko kulibe malo otchuka, ilipo nyumba imene munakuliramo, chilipo chitsime chimene munkatungako, alipo manda a amayi anu, lilipo tchalitchi lakale la udzu kapena malo pamene linali. Tengani mwana mmodzi, osati gulu lonse, pakuti pagulu mwana wamanyazi safunsa. Foni ikhale m'chikwama. Mukafika musayambe ndi ulaliki. Khalani pansi, mutsegule chakudya, mumusiye ayang'ane.

Ife tinabwerera madzulo, fumbi lili mpaka m'maondo. Magetsi kunalibe monga mwa masiku onse a chaka chimenecho. Ndinasonkha mbaula panja kuti nditereke madzi a nsima. Amayi anga, amene tsopano ndimakhala nawo ndipo maso awo anachita khungu, anali pa mphasa pakhonde. Ndinamva mwana akukoka kampando n'kukhala pafupi nawo.

“Agogo, gogo uja ankakhala ndi agogo aamuna pansi pa mango, dzina lake anali ndani?”

Amayi anakhala chete kanthawi. Kenaka anafunsa, “Wakuuza ndani zimenezo?”

“Amayi.”

Ndinamva akuseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene misozi ili pafupi. Anatchula dzinalo, natchulanso mudzi wa kwawo kwa gogoyo ku Petauke. Kenaka anayamba kusimba za tsiku lina mu 1995, pamene anamanga katundu usiku kuti atithawe tonse abwerere kumudzi, ndi za amene anawapeza pa siteshoni ya basi m'bandakucha n'kuwalanda chikwama. Zimenezo ine mwana wawo ndinali ndisanazimvepo. Ndinaphula poto pa mbaula, ndinapukuta m'manja, ndinakakhala pa mphasa.